Chikwama cha Mabowo Awiri

Poti nkhaniyi yafika kale mpaka ku siteshoni ya minibasi, ndipo aliyense akuithira mchere wake, ena ati ndinagwidwa ndi apolisi, ena ati ndinalira pamaso pa azimayi, lekani ndiinene ndekha mwini wake. Apolisi sanandigwire. Kulira sindinalire, linali thukuta. Zina zonsezo nzoona, ndipo pali zina zomwe simunamve nkomwe.

Kwa amene simundidziwa, ndine Phiri, uja wa wilibala yobiriwira pa msika wa Kafue. Sukulu ndinalekezera Giredi sikisi, ndipo musandimvere chisoni, thumba la chimanga silifunsa satifiketi. Ndakankha katundu wa anthu m'tauni muno kwa zaka zoposa makumi atatu, makala, simenti, nsomba za kapenta, ngakhale bedi la munthu amene wathamangitsidwa ndi mkazi wake. Ndiye ngati panali chinthu chimodzi chimene ndinkati ndimachidziwa padziko lino, chinali kunyamula. Sungani mawu amenewa, muwafuna kutsogoloku.

Bambo anga, a Simoni Phiri, anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito ya njanji. Akapatsidwa tchuthi m'chilimwe sankapuma ngati anzawo, ankapita kukanyamulira nyama alenje a mfuti amene anali ndi mapepala a boma, kumadambo uko kutsidya kwa mtsinje, kumene galimoto imalekera panjira chifukwa cha matope ndipo nyama imatuluka pamsana pa munthu. Anali ndi chonyamulira chawo chopanga okha, nsungwi ziwiri zazitali, timitengo topingasa, luzi ndi mphira wa chubu. Chinkakhala kudenga la khitchini, chakuda bii ndi utsi, ndipo ife ana sitinkaloledwa kuchikhudza.

Ananditenga ulendo umodzi wokha, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ndimakumbukirabe fungo la lupsa, nkhanga zikuthamanga patsogolo pathu ngati azimayi ochedwa ku Misa, ndi thambo lalikulu lopanda waya wa magetsi ngakhale umodzi. Pobwerera, ine ndi maso anga a kumwamba ndinaponda chitsa chosongoka, chinalowa m'phazi mpaka ndinaona nyenyezi masana. Bambo sanakalipe. Anatsitsa katundu, nyama ya alenje anaigawira anzawo, ndipo poti anzawowo anali atalemedwa kale, gawo lawo la iwo eni analisiya pa udzu kuti miimba idye. Anandikhazika pa chonyamulira chija nkundimanga ndi mphira. Ulendo wonsewo ndinayenda nditayang'ana kumene tikuchokera, mutu wanga ukugunda pa nkhongo yawo, malaya anga akunyowa ndi thukuta lawo ndi magazi a nswala. Panjira yonse ananena mawu amodzi okha: "Ukachira tidzabweranso." Ndinachira. Iwo anayamba chifuwa chaka chotsatira, ndipo sitinabwererenso.

Ndiye mukandiona mwezi wa Okutobala nditaimika wilibala ndikuyang'ana utsi kutsidya, musamati Phiri watopa. Phiri amakhala kuti wachoka, wasiya nsapato zokha.

Mlongo wanga Agnesi anakwatiwa ndi Ba Mweemba a ku Estates, munthu wa famu ku Shimabala, wa galimoto ya ngolo kumbuyo, wa mimba yofika pakhomo mwini wake asanafike. Sitidana, koma sitikondananso. Amanditcha mulamu akafuna kuti ndinyamule kanthu, masiku ena onse amangokweza dzanja ali m'galimoto, galasi lotseka. Chaka chino anapeza layisensi ya kukasaka, ndipo kunali kumadambo komwe kuja kwa bambo. Ndinazimva kwa Agnesi. Ndinakhala masiku awiri ndikumeza malovu, kenako ndinachita chinthu chimene sindinachitepo chikwatirireni mlongo wanga, ndinapita kukapempha.

"Malo yalipo yamodzi, mulamu," anatero Ba Mweemba akutokosa m'mano. "Koma imwe mwakula. Kuja kulibe wilibala."

"Msana ndili nawo."

"Msana aliyense ali nawo. Muli na chonyamulira? Sinifuna munthu obwera na saka pamutu monga ayenda kuchigayo. Pezani chola cha nzeru. Pa Sande tili na ubatizo wa mwana wa Luyando, mbuzi izaphedwa pa Chisanu kwa Ba Tembo ku tauni. Muibweretse mu chola chanu, wapansi, nione mwamene muyendera. Mukafika bwino, pa Mande mukwera. Ngati iyayi, nitenga munthu wanga wa ku famu."

Luyando ndi mwana wawo wamkazi, nesi ku Lusaka. Ndinavomera. Kodi mukanakhala inu mukanati chiyani? Zaka makumi anayi ndi zina ndikudikira, ndiye mbuzi imodzi indilepheretse?

Lachitatu m'mawa ndinali pa salaula, kaunjika wa kuno, kwa Bana Mwape, mayi wa ku Kopala kumigodi uko, amene amatsegula belo la zikwama. Bambo ankanena zinthu zitatu za chonyamulira chabwino, ndipo ndinapita nazo m'mutu ngati katekisimu. Katundu akhale m'mwamba, atsamire msana, asalendewere kumatako. Kulemera kutsikire m'chiuno, chifukwa mapewa ndi abodza, amavomera m'mawa nkukukana masana. Ndiponso uzitha kudzuka nacho wekha, poti kuthengo aliyense ali ndi katundu wake, palibe wokutukula.

"Muli shani ba Phiri, lelo mwabwera kugula olo kunyamula?"

"Kugula. Ndikufuna chikwama cha alenje."

Anandionetsa tizikwama ta ana a sukulu, ndinakana. Anandionetsa cha anthu a m'maofesi, ndinakana. Kenako anakoka pansi pa tebulo chachikulu chobiriwira, chozilala, cha zitsulo kumsana, chonunkha nkhungu, chili ndi chigamba pansi.

"Tengani ichi, ba Phiri. Ichi chinaona nkhondo, chingalowe na ng'ombe."

Ndinachitembenuza, ndinakoka malamba ake, anali olimba. Chinalibe vuto lililonse. Koma ndinachikana, ndipo lero ndikuuzani chifukwa chake: chinkaoneka ngati ine. Ndinaona m'maganizo Ba Mweemba akuchiyang'ana akutokosa m'mano.

Apa ndi pamene ndinaona chitsulo chikunyezimira pansi pa mulu. Ndinachikoka. Chinali chotuwa ndi chofiira, chatsopano ndithu, cha zitsulo zopepuka ngati za mapoto a ku shopu. Lamba wa m'chiuno anali wonenepa ngati matiresi. Pokhala katundu panali m'mwamba, pafupi ndi msana. Ndipo kumbuyo kwake kunali mwendo wachitsulo, ukaukoka umalira kuti kha, chikwama nkuima chokha pansi, iwe ungotembenuka, ulowetse manja, udzuke. Zinthu zitatu za bambo zonse zinali pomwepo. Ndinangoti, a Simoni, mwandisankhira nokha.

"Icho sinichiziwa bwino," anatero Bana Mwape. "Chakhala mwezi, anthu achiyangana chabe. Kapena ni cha masoja."

"Nchifukwa chake inu mumagulitsa, ife timadziwa," ndinatero.

Anzanga awiri a mawilibala anali atafika kudzaonerera, ndipo ine, munthu wa Giredi sikisi, ndinatsegula sukulu. M'kati munali pokhalira pa nsalu, pokhala ndi mabowo awiri, lina uku lina uku. Ndinawauza kuti amenewo ndi otulutsira miyendo ya nyama, komanso kuti magazi azitsika. M'mbali munali timalamba tiwiri tolendewera, ndinati nzomangira ziboda. Pamwamba panali kadenga kotuluka kokha ukatsegula zipi, ndinati nkoletsa dzuwa kuti nyama isavunde. M'thumba la pa lamba munali kagalasi komanga pa chingwe, ndinati mlenje amayang'aniramo ngati fisi akumutsata. Ndipo pofuna kutseka pakamwa aliyense wotsutsa, ndinawaonetsa kapilo kofewa ka kutsogolo kwa pokhalira paja, kokhala ndi zithunzi za tinjovu, tinyamalikiti ndi timikango.

"Mukuona? Alemba ndi nyama zake zomwe."

Anzangawo anagwedeza mitu. Mmodzi anati azungu ndi anzeru. Palibe amene anafunsa kuti ndi mlenje uti amene amabereka njovu.

Kunyumba mkazi wanga, Amake Joji, anachizungulira kawiri chitaima pa mwendo wake pakati pa bwalo. Anasuzumira m'kati.

"Chikwama chanji chokhala ndi kabudula m'kati?"

"Ndi mmene amachitira kuti nyama isagwe."

"Nanga tinjovuti tikusekerera chiyani?"

"Iwe, unapitako kuthengo?"

"Sindinapiteko. Koma ndinalera ana anayi, ndipo chinthu ichi chikundikumbutsa kanthu."

"Chikukukumbutsa kuti uli ndi mwamuna," ndinatero, ndipo iye anangoti chabwino nkubwerera ku mbaula. Mkazi akati chabwino mwa mtundu umenewo, amuna anzanga, khalani pansi muganize. Ine sindinakhale. Ndinaikamo kathumba ka ufa nkumazungulira nyumba mpaka nshima itapsa.

Lachisanu dzuwa linatuluka ndi mkwiyo. Kwa Ba Tembo, wa butchala ya kuseri kwa msika, ndinapeza mbuzi itasendedwa kale, koma mutu anausiya pomwepo ndi ubweya wake, poti Agnesi anati amauwawula yekha. Ba Tembo anafunsa ngati aiduledule. Ndinakana. Ndinkafuna Ba Mweemba aone nyama yathunthu ikutsika pamsana panga. Ndinaimika chikwama, tinaitukula mbuzi ija, miyendo yakumbuyo inalowa m'mabowo ngati anachita kuyeza. Malamba anadutsa pa chifuwa chake nkulira kha, kha. Chibwano chinatsamira pa kapilo ka tinjovu. Sindinaonepo katundu wokhala bwino chotero moyo wanga wonse.

"Yankhala monga bwana mu ndeke," anatero Ba Tembo.

Ndinatsegula kadenga. Chifukwa cha ntchentche ndinafunditsa chitenje cha Amake Joji kuchokera pamwamba, ndipo nsonga za miyendo, pamene anadula ziboda, ndinazikulunga ndi timapepala toyera ta pulasitiki. Ndiye munthu akayang'ana kumbuyo kwanga ankaona kanthu kofunda chitenje, kokhala tsonga, ndi timiyendo tiwiri tofiira, towonda, tovala ngati masokosi, tikugwedezeka uku ndi uku. Ine sindinkaona kumbuyo kwanga. Munthu saona nkhongo yake.

Koma kuyenda kwake, abale. Ndinene zoona, chikwamacho chinkanyamula. Mapewa anali mfulu, kulemera konse kuli m'chiuno monga ankanenera bambo. Nditadutsa njanji nkulowa mu msewu wa ku Estates, mphepo inabweretsa fungo la udzu wopserera kuchokera kumtsinje, ndipo kwa kanthawi ndithu ndinalibe zaka zanga. Maminibasi sindinkawamva. Ndinkaona nkhanga. Ndinkayenda monga ankayendera iwo, mapazi otalikirana pang'ono, mutu pansi, ndipo ndinkawauza mumtima kuti tabweranso, mwaona, tachedwa chabe.

Amene anandidzutsa ndi mayi wina wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Anaimirira, dzanja lili pakamwa.

"Atate, wachita chani? Ni mulilo?"

"Moto ayi, mayi. Mpeni."

"Muyenda naye ku chipatala?"

"Chipatala cha chiyani, zinatha kale m'mawa. Ndikupita ku Estates, akundidikira ndi mapoto."

Ndinapitirira. Ndinadabwa pang'ono kuti munthu wamkulu angafunse za chipatala pa nkhani ya mbuzi, koma anthu a Kafue amafunsa chilichonse. Patsogolo pang'ono kondakitala wa minibasi anatulutsa mutu nkunena kuti ndikwere ulere, mwamsanga. Ndinamuuza kuti ndili pa mayeso, sindiloledwa kukwera. Anandiyang'ana ngati waona mzukwa.

Kenako ndinakumbukira kagalasi kanga ka afisi. Nditayang'anamo, ndinaona mayi wa tomato uja akubwera, tomato wake wamusiya, ali ndi azimayi ena anayi ndi bambo wa njinga. Nditayang'anamonso pafupi ndi Estates anali atachuluka, sindinawawerenge. Palibe amene ankayandikira, ankangonditsata akunong'onezana. Ndipo mukudziwa chimene ndinaganiza? Ndinati potsiriza anthu a m'tauni muno aona kuti Phiri si wa wilibala chabe. Ndinatukula chifuwa. Ndinawakwezeranso dzanja, monga amachitira Ba Mweemba.

Pakhomo pa mlamu wanga panali podzaza azimayi a ku tchalitchi, ena akusankha mpunga, ena akutsuka mapoto a phwando. Ba Mweemba anali pa mpando pansi pa mango. Nditangolowa pa geti, mayi wa tomato uja anandipitirira chothamanga nkufuula kuti mugwireni munthu uyu, wapha mwana, ali naye kumbuyo.

Mpunga unatayika. Luyando anatuluka m'nyumba ali ndi mwana wake m'manja, anamuponyera kwa Agnesi, ndipo unesi utamugwira anandithamangira nkukoka chitenje chija kamodzi.

Mbuzi inali phee pansi pa kadenga kake, malamba pa chifuwa, chibwano pa tinjovu, lilime lili panja, ikuyang'ana anthu onsewo ndi diso limodzi.

Ndinamva nkhuku ikupalasa kuseri kwa nyumba. Kenako Luyando anakhala pansi pa dothi, yunifomu analibe koma ulemu wa unesi unathera pomwepo, anaseka mpaka kutsokomola.

"Amalume," anatero akupukuta misozi, "ichi mwachitenga kuti?"

"Pa salaula. Ncha alenje."

"Ni choberekera mwana, amalume. Kuli madokotala ena achizungu kuntchito kwathu, amaikamo ana awo akamayenda kukwera mapiri."

"Mwana amaberekedwa ndi chitenje."

"Kwathu kuno. Tembenukani."

Analowetsa dzanja m'kathumba kena kamene ine sindinakaone, nkutulutsa kansalu kosokerera. Panali chithunzi. Mwamuna wamtali akumwetulira, ndipo kumbuyo kwake kamwana konenepa, timiyendo tili m'mabowo anga a magazi, timapazi tili m'malamba anga a ziboda. Kansaluko kanayenda m'manja mwa azimayi onse mpaka kwa anthu a pa geti. Mayi wa tomato, m'malo mopepesa, anandikalipira kuti ndamuthamangitsa pachabe ndipo tomato wake mwina mbuzi zadya. Agnesi, mlongo wanga wa bere limodzi, anabisa nkhope kumbuyo kwa mdzukulu wake, mapewa akugwedezeka.

Munthu wanzeru akanatsitsa mbuzi nkupita kwawo. Ine ndinayenda mpaka pansi pa mango.

"Mbuzi yafika, alamu. Wapansi, monga munanenera."

"Yafika, mulamu," anatero Ba Mweemba, akuyesetsa kuti asaseke, zomwe zinandipweteka koposa kuseka. "Koma nyama ya kuja siinkhala pansi na kungenesa mendo mu mabowo. Ni vidutswa vikulu."

"Zilowa."

Pakhonde panali thumba la chakudya cha nkhuku, losatsegula. Tinatsitsa mbuzi, ndipo ine ndinalitukula kuti ndiwaonetse. Silinalowe. Ndinalipinda, ndinalikankha ndi bondo, kabudula uja anakana. Ndiye ndinaligoneka pamwamba chopingasa, ndinalowetsa manja m'malamba nkudzuka. Ndinayenda mapazi atatu. Pa phazi lachinayi thumba linatsetsereka, linakoka kadenga, linagwera pa njerwa ya m'mbali mwa maluwa nkuphulika, ndipo nkhuku zonse za pakhomopo zinabwera kudzadyera pa nsapato za Ba Mweemba.

Iwo sanayang'ane nkhuku, ngakhale chikwama sanachiyang'ane. Anayang'ana maondo anga, amene ankanjenjemera okha ngati a mwana wa ng'ombe wobadwa kumene. Ndinayesa kuwaletsa, anakana.

"Pa Mande mupumule, mulamu," anatero motsitsa mawu. "Nizakubweretserani nyama."

Ngati kuti ndinkafuna nyama. Nyama ili kwa Ba Tembo tsiku lililonse.

Kunyumba Amake Joji sanati ndinakuuzani. Anangolandira chitenje chake, nkuchinunkhiza, nkuchiponya m'beseni. Loweruka m'mawa ndinathamangira kwa Bana Mwape kuti mwina nditenge chobiriwira chija ndikayesenso kupempha. Anati chinapita dzulo madzulo, ndipo poti nkhani yanga inali itamufika, anandifunsa ngati ndikufunanso botolo la mkaka, lilipo labwino.

Chikwama changa ndinali nditachisiya ku Estates, sindinkafuna kuchionanso. Koma Lamulungu nditafika kuti tipite ku ubatizo, ndinachipeza chitaima pa mwendo wake pakhonde, chochapidwa, chonunkhira sopo. Galimoto inali itadzaza ndi azimayi okalamba. Luyando anati ife tiyende wapansi, tchalitchi sichili kutali, ndipo asanandifunse nkomwe anali atalowetsa kale mwana wake m'mabowo muja, kamnyamata ka miyezi isanu ndi itatu, kovala zoyera mpaka kumapazi. Malamba analira kha, kha.

"Ine ayi," ndinatero. "Anthu andiseka kokwanira."

"Tembenukani, amalume. Ndimwe mweka muziwa kumanga lamba wa m'chiuno." Atandimanga anawonjezera kuti, "Muyende bwino, ni atate anu mwanyamula. Lelo apatsidwa dzina la Simoni."

Palibe amene anali atandiuza. Pakhomo ankangomutcha Bebi.

Tinanyamuka. Anali wopepuka kuposa mbuzi, koma wamoyo, ndipo katundu wamoyo amalemera mwa mtundu wina. Poyamba anandikoka makutu, kenako anamenya chipewa changa, kenako anayamba kuyimba nyimbo yake yopanda mawu. Nditayang'ana m'kagalasi ka afisi ndinaona timaso tikuyang'ana mitengo, mbalame, thambo, maso a kumwamba ngati munthu wina amene ndimamudziwa. Tisanafike pakati pa njira anagona, ndipo kamutu kake kanayamba kugunda pa nkhongo yanga, pang'onopang'ono, pa phazi lililonse. Apo ndiye thukuta lija linayamba kutsika m'maso. Ndinayenda mapazi otalikirana, mutu pansi. Bambo anatenga chonyamulira nyama nkunyamulira mwana, ine ndinatenga chonyamulira mwana nkunyamulira nyama, ndipo pa awirife wopusa akudziwika.

Zikanathera pomwepo ikanakhala nkhani yabwino yokamba pa maliro anga. Koma sopo amanyenga mphuno ya munthu yokha. Nditayang'ananso m'kagalasi ndinaona galu. Patsogolo pang'ono anali atatu. Pofika pa geti la tchalitchi ndinali ndi agalu asanu ndi mmodzi, mphuno zili m'mwamba, akutsata Simoni wamng'ono mwaulemu ngati akwaya, ndipo mmodzi anali atayamba kunyambita kansapato koyera. Akatekisiti anachita kutuluka ndi tsache. Ndiye kagalasi kaja, pa zonse zimene ndinaphunzitsa pa salaula, nkokhako kamene kanagwira ntchito imene ndinanena.

Lolemba m'mawa ndinali pa msika ndi wilibala yanga pamene galimoto ya Ba Mweemba inadutsa. Analiza hutala, galasi lotseka. Kumbuyo kunakhala munthu wawo wa ku famu, ndipo pakati pa miyendo yake panali chikwama chachikulu chobiriwira, chozilala, cha chigamba pansi. Ndinachiyang'ana mpaka chinakhota. Kutsidya kunali utsi. Kenako mayi wina anandiitana kuti ndimunyamulire makabichi, ndipo ndinapita.

Nyama Ba Mweemba anabweretsadi, kachidutswa, Amake Joji anaphika, ine ndinadya nshima ndi chibwabwa. Chikwama chili ku Estates, ndipo Luyando akabwera kuchokera ku Lusaka amanditumira uthenga kuti Simoni akufuna hachi yake. Ndimapita. Tsiku lina tinakwera kaphiri ka kuseri kwa nyumba zija, pamene madambo amaonekera patali, ndinatembenuka chammbali kuti naye aone, ndipo ndinamuuza kuti ukakula tidzapita. Ndikudziwa kuti ndi bodza la m'banja mwathu, koma ndinalilandira kwa mwini dzina, ndangolibweza.

Za kusankha chikwama cha alenje musadzandifunse, ndipo pa salaula sindidzatsegulanso sukulu. Koma ndalumbira chinthu chimodzi pamaso pa Amake Joji: chilichonse chimene ndidzagule chokhala ndi mabowo a miyendo, kaya ndi chikwama kaya ndi buluku, ndidzayamba ndafunsa kuti miyendo yake ndi ya ndani.